Nkhope Khumi ndi Imodzi

Wakuba wanzeru akalowa m'chipatala amanyamula mabatire a sola, mabulangete, kapena mankhwala oti akagulitse pamsika. Amene analowa m'chipinda choyezera amayi anazisiya zonsezo, n'kutenga kamakina kamodzi koti ngakhale utakapereka ulere palibe angadziwe chochita nako. Sajenti anaima pakhomo pa chipindacho Lolemba m'mawa, kabuku m'manja, ndipo anachita manyazi. Zaka zonsezi ankadutsa pakhomo limeneli mwaliwiro ngati pali galu woluma, poti iye mwini, mayi wa ana awiri, anali asanayezetsepo.

M'katimo munali bedi lalitali lokutidwa ndi pulasitiki yobiriwira, masitepe awiri okwerera, katani yamaluwa yofwifwa, kabati yachitsulo ndi ndowa ziwiri pansi pa sinki. Windo linali yasa. Pamasitepe a bediwo panakhala mayi wowonda wamagalasi, injiniya, mmodzi wa amene anapanga makinawo. Amayi a m'deralo anamutcha Mafunso, chifukwa kwa zaka ziwiri ankakhala nawo pabenchi kuwafunsa zimene ngakhale amuna awo sanawafunsepo.

"Kanali kotani kamakinako?" anafunsa Sajenti.

"Ngati foni yaikulu, yokutidwa ndi labala," anatero Mafunso. "Kali ndi kanzake, kamera yowonda ngati chala, imene mayi amalowetsa yekha. Amayi anatiuza kuti chimawathawitsa ndi chitsulo chija chonga mlomo wa bakha, akuti n'chozizira ndiponso chimapweteka. Ndiye tinapanga chimene iwo anafuna. Kamera imajambula khomo la chiberekero, makina n'kuyang'ana chithunzicho. Akakayikira kuti khansa ikuyamba, amazunguliza nkhope ya mayiyo ndi mzere wofiira."

"Nkhope yalowapo bwanji?"

"Makadi amataya, mayina amafanana. Nkhope siitayika. Makina satsegula kamera ya m'kati asanajambule nkhope ya mwini thupi." Anapitiriza motsitsa mawu. "Lachisanu anayeza amayi makumi anayi ndi atatu. Poweruka makina anaonetsa kuti khumi ndi mmodzi ndi ofiira. Anamwino anali atatopa, anangoona nambalayo n'kutseka. Nkhopezo palibe anazitsegula."

"Kaundula mulibe?"

"Amayi anakana okha. Akuti kaundula amawerengedwa ndi aliyense, mpaka wosesa. Nambala ya foni ukangoilemba m'makina imatsekeka, amaiona ndi adokotala okha kuchipatala chachikulu. Netiweki ya kuno imangodutsitsa mawu, zithunzi ayi, ndiye Lachitatu lililonse ndimabwera ndi kabokosi kotumizira. Za Lachisanu zinali zisanapite." Anavula magalasi n'kuwagwira pamwendo. "Makina ndipanga ena, a Sajenti. Koma amayi khumi ndi mmodziwo ali m'menemo, kwina kulikonse kulibe. Lero ndi kabanga koti timangowotcha mphindi imodzi nkhani n'kutha. Pakapita zaka ziwiri adzabwera atanyamulidwa."

Nthawi yomweyo analowa a Sisita, mzamba wamkulu wa pachipatalapo, yunifolomu yoyera yoti mbee, makiyi akulira m'thumba. Zaka makumi atatu pantchito, ndipo m'deralo munalibe khomo limene sanalandireko mwana. Ana awiri a Sajenti anabadwira m'manja mwawo, moti wapolisiyo anapezeka waongoka ngati walowa ndi bwana wake.

"Makiyi alipo awiri," anatero a Sisita asanafunsidwe n'komwe. "Anga, ndi a namwino wanga. Loweruka ndinatseka thwelofu koloko, n'kupita kumsika mpaka dzuwa kulowa. Lero ndapeza windo lili chonchi. Chitsulo chapakati chinapindika kale, munthu wowonda amalowa. Ukufuna wakuba, mwanawe? Pita kwa wowotcherera zitsulo uja wa pamphambano. Lachisanu anabwera kudzatukwana pano, akuti adzaphwanya makina ojambula mkazi wake. Ine ndili ndi odwala."

Anatuluka monga analowera. Sajenti anapita pawindo n'kuwerama. Chitsulo chapakati chinalidi chopindika, mpata wake woti munthu wowonda n'kudutsa. Koma pampatapo kangaude anali atayala ukonde wake kuchoka kuchitsulo china kufika kuchinzake, ukonde wakale, wafumbi, wokhala ndi mapiko ouma a ngumbi za mvula yatha. Pawindopo sipanadutse munthu.

* * *

Mlonda anali mkulu wa jekete lalikulu ngati tenti, ndipo anthu ankamutcha Sindinagone chifukwa ndi mawu amene ankayambira nkhani iliyonse.

"Ine sindinagone, bwana. Tulo ndi ine tinasiyana chaka chimene ndinalembedwa ntchito."

"Sindinafunse za tulo, bambo. Loweruka munafika nthawi yanji?"

"Folo koloko. Ntchito imayamba sikisi, koma kunyumba kuli mayi olongolola, ndiye ndimalawirira. Windo lija ndinalipeza lili kale yasa. Ndinkayesa akuumitsa pansi atakolopa."

"Munaona munthu?"

"Ngakhale galu. Kunali zii. Kupatula a Sisita, anali pakhonde pa nyumba yawo kuseri uko, atakhala pansi penipeni, miyendo tambalale. Ndinawapatsa moni kawiri, osayankha. Paja akuluakulu mutu umakhala ndi zambiri."

Sajenti analemba kuti folo koloko, n'kudula mzere pansi pake. Msika unali ulendo wa ola lathunthu.

Namwino wamng'ono anamupeza m'chipinda chosungira mankhwala, maso ali psuu. Uyu ankatchedwa Wailesi, ndipo sanachite kumutsegula.

"Ine ndiye ndathera pomwepa, a Sajenti, aliyense akundiyang'ana ine poti kiyi wina ndili naye, chonsecho Loweruka ndinali kwa amayi anga, mufunse woyendetsa minibasi, mufunse kondakitala, anandiponda phazi mpaka pano likutupa. Ine kuba makina? Ndikatani nawo? Ndiye kuwonjezera apo nkhani ya ndowa ija, mvula ikakuona litsiro sikata."

"Ndowa iti?"

"Ya mankhwala otsukira zida. Kamera ija timainyika mphindi khumi, osapitirira, ikakhalitsa labala wake amafufuma. Lachisanu ndinaitsuka ndekha, ndinaipukuta, ndinaiika m'kachikwama kake m'kabati, ndikulumbira pali ana anga. Lero m'mawa ndaipeza m'ndowa, itachita kutuwa."

"Loweruka munayeza munthu?"

"Timayeza Lachisanu lokha."

"A Sisita anati chiyani ataiona?"

Apa Wailesi anaima koyamba. Anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Ndiye chodabwitsacho. Mayi aja amakalipa thonje likagwa pansi. Mwezi watha ndinapitiriza mphindi ziwiri zokha, anandinena mpaka ndinakalirira kuchimbudzi. Koma lero anangoitola m'ndowamo, kuipukuta, kuiika m'kabati. Osanena kanthu, ngakhale kundiyang'ana."

Sajenti anatseka kabuku kake. M'zaka khumi ndi zisanu za upolisi anakumana ndi akuba osiya nsapato, akuba ogona tulo pamalo obera, ngakhale wina amene anasiya chiphaso chake patebulo. Koma wakuba wogwiritsa ntchito chida cha chipatala n'kuchinyika m'mankhwala monga mwa lamulo anali asanamuonepo.

* * *

Kwa wowotcherera anapitabe, osati chifukwa ankamukayikira, koma chifukwa mtima wake unkafunitsitsa kuti akhale iyeyo. Anamupeza ataweramira felemu ya chitseko, moto wabuluu ukuthetheka. Bamboyo anakweza chigoba cha kumaso n'kumuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Ndinanena, inde," anatero. "Pakamwa ndi panga. Inu mungakondwe mkazi wanu, pepani, mchemwali wanu, atajambulidwa kumene kuja, chithunzi n'kumayenda m'mafoni a anyamata?"

"Loweruka masana munali kuti?"

"Kusukulu. Geti linagwa. Kuyambira seveni mpaka faifi ndinali pamenepo, ahedi ataima pamsana panga ngati ndimeza zitsulo zawo. Kafunseni. Ndipo ine ndikanakhala wakuba sindikanalowera pawindo, ndikanachotsa chitseko chonse, ntchito yanga ndi yomweyo."

"Akazi anu alipo?"

Nkhope ya bamboyo inasintha. Anazimitsa makina ake, pamalopo panangoti zii.

"Apita kuchipatala komweko m'mawa uno. Dzulo ndili ku mpira kunabwera uthenga, akuti abwerere msanga, makina aja aona kanthu." Anapukuta manja pa ovolosi kwa nthawi yaitali kuposa mmene analiri akuda. "Usiku wonse sanalankhule. Inu a polisi mumadziwa zambiri. Kanthu kameneko n'koopsa? Mayi anga anapita ndi matenda a m'mimba omwewa, ankangoti ndi magazi a ukalamba."

"Akapezeka msanga amachira," anatero Sajenti, akubwereza mawu amene anawamva m'mawa womwewo. "Munati uthengawo unabwera dzulo?"

"Dzulo, Lamulungu, cha m'ma thuu."

Makina anasowa Loweruka, nkhope zisanatsegulidwe. Koma Lamulungu munthu wina ankadziwa kale kuti mkazi wa wowotcherera ndi wofiira. Sajenti anakwera njinga yake yamoto, ndipo njira yonse anayenda pang'onopang'ono ngati wonyamula mazira.

* * *

M'mawa uja anali atadutsa amayi a pabenchi osawawerenga. Tsopano benchi inali itatsala ndi atatu, aliyense atagwira kapepala ka mankhwala. Anamukoka Wailesi pambali.

"Abwera angati a Lachisanu?"

"Naini. Ndipo mukudziwa? A Sisita akuwayeza mwachikale, ndi viniga ndi tochi, ndiye onse naini ali ndi kabanga koyera, onse tawawotcha. Ine ndikuti mayi aja ali ndi diso, ngakhale popanda makina."

"Pa anthu makumi anayi ndi atatu, munthu asankhe naini osaphonya ndi mmodzi yemwe?"

Sajenti anamusiya n'kupita kubenchi.

Mkazi wa wowotcherera anali kumapeto kwa benchi, mayi wofatsa wa mawu apansipansi. Sajenti anavula chipewa n'kukhala pambali pake ngati naye akudikira mzere.

"Anakuuzani ndani kuti mubwere, mayi?"

"A Sisita eni ake. Anabwera wapansi, dzuwa lili pamutu. Anakana mpando, akuti atsala ndi makomo ambiri. Ndinawapatsa madzi, anamwa ataimirira. Mapazi anali atatupa, nsapato atazipondera kumbuyo." Mayiyo anapinda kapepala kake kawiri. "Potsanzikana anandigwira tsaya, akuti, iwe uli ndi mwayi, banga lako ndi laling'ono. Ine ndinadabwa, poti mayi aja sagwira munthu tsaya."

Mafunso anali akadali m'chipinda choyezera, atagwira kamera yotuwa ija m'manja ngati mbalame yakufa. Sajenti anatseka chitseko.

"Ndiuzeni, munthu akajambula chithunzi m'makina anu, angachifufute?"

"Poyamba zinkatheka. Koma anamwino ophunzira ankafufuta mwangozi, tinataya zithunzi za amayi asanu ndi awiri. Pamsonkhano a Sisita anamenya tebulo, akuti chotsani batani limenelo, cholowa chalowa. Tinalichotsa. Anali olondola."

"Nanga potumiza, mungasankhe zina n'kusiya zina?"

"Ayi. Zimapita zonse pamodzi, kuti pasakhale mayi woiwalika. Imeneyonso inali nzeru yawo."

"Kuchipatala chachikulu amazitsegula ndani?"

"Dokotala wa amayi alipo mmodzi yekha chigawo chonse chino." Mafunso anamwetulira pang'ono, koyamba tsiku limenelo. "Simukudziwa? Ndi mwana wa a Sisita, mtsikana wawo yekhayo. Ndi amene anatibweretsa kuno, akuti ngati makina anu angakhutiritse amayi anga ndiye kuti akhutiritsa dziko lonse."

Sajenti anakhala pamasitepe a bedi paja. Nkhani ikamasuka wapolisi amasangalala, ndipo iye ankayembekeza kachimwemwe kaja kamene kamabwera zidutswa zikalumikizana. Sikanabwere. Chimene chinabwera ndi chisoni cholemera, chokhala pachifuwa ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

"Kabokosi kotumizira kaja muli nako?"

"Kali m'chikwama."

"Kanyamuleni, munditsatire. Koma mukaime panja."

* * *

Nyumba ya a Sisita inali kuseri kwa chipatala, pafupi ndi thanki ya madzi. Chitseko chinali chotsegula. Pabalaza panali mipando iwiri yokutidwa ndi nsalu zoluka, wailesi yakale, ndi chithunzi chachikulu cha mtsikana wovala mkanjo wa omaliza maphunziro. Kukhonde la kuseri kunali beseni, ndipo m'besenimo munanyikidwa siketi ziwiri zoyera za yunifolomu. Madzi ake anali ofiirira.

A Sisita anali pampando, nsapato atavula, mapazi atawasanjika pa kampando kakang'ono. Opanda nsapato ndi makiyi ankaoneka ochepa thupi, ndipo Sajenti anadzifunsa kuti yunifolomu ija inayamba liti kuwakhwepa chonchi iye osaona.

"Wachedwa," anatero a Sisita. "Ndinkayesa ufika khofi asanazizire. Chandiulula n'chiyani?"

"Ndowa, mayi."

Anaseka kaphwete kopanda mphamvu. "Zaka makumi atatu. Mutu unali utachoka, koma manja anagwira ntchito yawo. Ndinakumbukira windo, ndinakumbukira kusesa, ndowa ndiye ndinaiwala." Analoza chitseko cha kuchipinda. "Pansi pa pilo. Katenge, ine miyendo yakana."

Makinawo anali atakulungidwa m'thawulo. A Sisita anawayatsa, n'kudina kawiri ndi chala chozolowera, ndipo panatuluka nkhope zozungulidwa ndi mzere wofiira, zitatu zitatu pamzere. Sajenti anawerenga. Sizinali khumi ndi imodzi. Yomalizira, ya khumi ndi chiwiri, inali ya mayi wopanda chipewa cha unamwino, tsitsi la imvi lili poyera, maso akuyang'ana kumbali ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Miyezi isanu ndi itatu ndikutaya magazi," anatero a Sisita. "Ine amene ndinasiya kusamba kalekale. Ndimadziwa tanthauzo lake, ndakhala ndikuwauza amayi pabenchi paja m'mawa uliwonse. Ndawakalipira, ndawatcha mbuli, ena ndachita kuwakoka pamkono. Koma ine ndikanakagona pabedi lija pamaso pa ndani? Wailesi? Dzuwa lisanalowe dera lonse likanadziwa. Anamwino a m'chigawo chino theka ndinawaphunzitsa ndine. Sindinayezetsepo, mwanawe. Ngakhale kamodzi."

Sajenti anayang'ana pansi. Manyazi a m'mawa aja anamubwerera, koma tsopano anali osakanikirana ndi mantha.

"Ndiye kunabwera kamera yoti munthu amalowetsa yekha. Ndinaipirira miyezi itatu. Loweruka nditatseka ndinati, lero ndione. Sindinaganize za Lachitatu, sindinaganize za china chilichonse. Makina anafuna nkhope, ndinawapatsa." Anadina pankhope yawo, koma asanatsegule chithunzi cha m'kati anatembenuzira galasi pachifuwa. "Ichi usaone. Si kabanga kowotcha ayi. Ndaona zotere zokwana, ndipo eni ake ndinawaperekeza onse kumanda. Nditachiona ndinayamba kufuna batani lofufutira. Ndinalifuna, ndinalifuna, kenako ndinamva mawu anga omwe akumenya tebulo."

"Mukanamuuza injiniya uja."

"Kuti atani? Zimapita zonse kapena osapita, ndinalamula ndine." Anayang'ana chithunzi cha pakhoma. "Lachinayi lililonse mwana wanga amafika mu ofesi hafu seveni, tiyi m'manja, n'kuyatsa kompyuta. Amandiimbira akamaliza, amati, amayi, sabata ino mwagwira bwino ntchito. Ndiye atsegule, aone nkhope za alendo, za alendo, kenako ine. Adine, aone chimene ine ndinaona, ali yekha mu ofesi. Bambo ake anamwalira ali ndi zaka zinayi, ndinamulera ndi manja awiriwa. Ndinamutumiza kusukulu kuti akaphunzire matenda amenewa, ine ndili nawo m'mimba. Undiuze iwe, mayi mnzanga, ukanatani?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Sajenti, ndipo sanaibise. Akanakhala iye, mwina makinawo akanawaponya m'chimbudzi chokumba. Mayi awa anawasunga pansi pa pilo n'kuyenda wapansi tsiku lonse la Mulungu, magazi akutuluka, khomo ndi khomo.

"Naini mwawapeza," anatero mofatsa. "Awiri enawo?"

Apa a Sisita anagwa nkhope kuposa pamene ankanena za iwo eni. Anakuza nkhope ziwiri pagalasi. Wina anali mayi wa mpata pamano ndi mpango wachikasu, akuseka ngati kujambulidwa n'chikondwerero. Wina anali wachitsikana, ndipo paphewa pake pankaoneka kadzanja ka mwana wobereka kumbuyo.

"Si a kuno. Anabwera ndi lole ya ogwira ntchito m'minda, sindikudziwa ya kuti. Ndawayang'ana mpaka maso kuwawa, ndafunsa pamsika, palibe akuwadziwa. Nambala zawo zili m'menemu, zotsekeka." Analoza pagalasi. "Wa mpango wachikasuyu banga lake lakula. Sangadikire chaka."

"Ndiye mukudziwa kale chimene ndadzera, mayi. Ine sindinabwere ndi unyolo."

Panja mpope wa pathanki unkadontha, ndipo kutali mwana ankalira pa sikelo. A Sisita anayang'anitsitsa kadzanja kaja ka paphewa.

"Injiniya ali panja, eti? Ndaona mthunzi wake. Muuze alowe, asaime ngati wobwera kudzapepesa maliro. Sindinafe."

Mafunso analowa, kabokosi koyera m'manja, nkhope yonse itanyowa. Anali atamva zonse. Anagwada pafupi ndi mpando, zimene Sajenti sankayembekeza kwa munthu wa magalasi ngati amenewo.

"Ndinafunsa amayi mazana atatu," anatero. "Ndinafunsa za kuzizira kwa chitsulo, za katani, za mtundu wa kachikwama. Inu ndinakufunsani maulendo osawerengeka chimene namwino akufuna. Sindinakufunseni n'kamodzi komwe kuti namwinoyo akadwala adzayezedwa ndi ndani."

"Ukanafunsa ndikanakunamiza," anatero a Sisita. "Dzuka, ukudetsa siketi. Zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zifike?"

"Mphindi khumi. Zofiira zimalira pafoni ya adokotala zikangofika."

"Lumikiza."

"Mayi, tikhoza kudikira mpaka..."

"Ndadikira miyezi isanu ndi itatu, waona chimene ndapindula. Lumikiza, ndisanasinthe maganizo."

Mafunso analowetsa chingwe. A Sisita anadina okha batani lotumizira, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pagalasi. Kenako anatambasula dzanja kwa Sajenti.

"Ndidzutse. Foni imagwira pathanki pokha."

Anayenda opanda nsapato, atatsamira paphewa la wapolisi, masitepe makumi awiri amene anakhala ngati ulendo. Pathanki anaima n'kuwongola kolala ya yunifolomu. Sajenti anafuna kubwerera kuti awapatse mpata, koma dzanja lija linamugwira mkono zolimba, ndipo anakhala. Foni inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Kenako panamveka mawu a mtsikana, ansangala, otanganidwa.

"Amayi! Lolemba lomwe lino? Mwandisowa kale?"

Mayi amene anauzapo mazana a anthu nkhani zoipa osaphethira anaima chilili, foni ili kukhutu.

"Amayi? Halo? Mukundimva?"

"Ndikukumva, mwanangu. Foni yako ilira posachedwapa, zithunzi zikubwera. Muli amayi awiri, wa mpango wachikasu ndi wina wobereka mwana, uwaimbire lero lomwe, usagone." Anapuma mozama. "Koma usanatsegule, tseka chitseko ukhale pansi. Pali wodwala wina amene ndikufuna umumve ndi pakamwa pake."